KOMPYUTA IMODZI INGATHANDIZE ANA ANAI PA NTHAWI IMODZI

M'caka ca 2015, pamene ana a giredi 9 analemba mayeso a kompyuta kwa nthawi yoyamba m'dziko muno, masukulu ambiri anaona zakuda. Makina anali ocepa, ana anali ambiri, ndipo ena anadikira kufikira usiku kuti alembe. Makolo ndi aphunzitsi a m'maboma a Chipata, Chadiza, Katete ndi Vubwi amene asonkha ndalama zogulira sukulu yao makina ayenera kudziwa kuti iripo njira yocepetsera bvuto limeneli.

M'bokosi la kompyuta muli khadi lochedwa graphics card, limene nchito yake ndi kutumiza zithunzi ndi malemba ku sikirini. Bokosi limodzi likhoza kulandira makhadi awiri, atatu kapena anai. Khadi liri lonse likapatsidwa sikirini, kiyibodi ndi mausi yakeyake, ana anai angathe kukhala pa thebulo limodzi, yense nagwira nchito yake wosasokoneza mnzake. Njirayi si yacilendo ai. Mu 2004 kampani ya HP inapangira masukulu a ku South Africa makina otere ochedwa 441, ndipo ku Brazil boma la Paraná linaika makina a mtundu womwewu m'masukulu ake ambiri.

Komatu walira mvula walira matope. Pali zinthu zinai zofunika kuziyang'anitsitsa.

Coyamba ndi malo. Khadi liri lonse lifuna mpata wakewake wochedwa PCIe. Makompyuta ang'onoang'ono ambiri ocokera m'maofesi ali ndi mpata waukulu umodzi wokha. Tsegulani bokosi, muwerenge mipata musanalipire.

Caciwiri ndi magetsi. Khadi laling'ono limakoka mawati osapitirira 75 kucokera pa mpata wake, pamene ena akuluakulu a masewera amafuna mawati 300 ndi nthambo zapadera. Ngati kabokosi kogawa magetsi m'katimo kali kofooka, kompyuta idzangozima yokha pakati pa phunziro. Pa nchito ya sukulu makhadi ang'ono akwanira.

Cacitatu ndi kutentha. Makhadi oyandikana amatenthetsana, makamaka m'mwezi wa October. Ikani bokosi pamalo popita mphepo, ndipo muzicotsa pfumbi kawirikawiri.

Cacinai ndi pulogalamu yoyendetsa makina. Windows wamba amatenga masikirini onse ngati a munthu mmodzi. Linux, monga Ubuntu, imapezeka kwaulere ndipo imatha kugawira mwana ali yense khadi lake. Makhadi a kampani imodzi sabvuta kugwirizanitsa kusiyana ndi osakaniza.

Ubwino wina ndi wakuti bokosi limodzi limadya magetsi ocepa kusiyana ndi mabokosi anai. Tonse tikumbuka caka ca 2024, pamene madzi anacepa m'nyanja ya Kariba ndipo magetsi anali kuzima maola ambiri. Sukulu yodalira sola idzaona phindu lake msanga. Kuipa kwake ndi kwakuti bokosilo likafa, ana anai onse aima, motero ndi bwino kukhala ndi mabokosi awiri kapena atatu.

Inu a komiti ya makolo ndi aphunzitsi, musapereke ndalama za anthu pongomva mau okoma a wogulitsa. Muuzeni alumikize zonse pamaso panu, ana anai akhale pansi, yense alembe dzina lake pa sikirini yake. Mukaona zimenezo ndiye mulipire.