Nyumba ya anthu a sera ku London

Mumzinda wa London, likulu la dziko la Britain, muli nyumba imene anthu amaima pamzere ndi kulipira ndalama kuti akaone mafumu, oimba ndi akatswiri a mpira amene sapuma, salankhula, saphethira. Onsewo ndi zifanizo zoumbidwa ndi sera, mtundu wa sera uja amatsala munthu akafinya uchi. Dzina la nyumbayi ndi Madame Tussauds.

Anaiyambitsa ndi mayi Marie Tussaud, amene anabadwira ku Strasbourg m'dziko la France m'chaka cha 1761. Bambo awo anamwalira iwo asanabadwe. Amayi awo ankagwira ntchito ya m'nyumba kwa dokotala Philippe Curtius, katswiri woumba ndi sera, ndipo mwana wamasiyeyu anaphunzira lusoli pakhomo pomwepo.

Kenaka ku France kunabuka chipwirikiti. M'chaka cha 1793 mfumu Louis XVI ndi mkazi wake Marie Antoinette anadulidwa mitu anthu akuonerera. Mayi Tussaud ankasimba kuti nawonso anaponyedwa m'ndende, nametedwa tsitsi kuti nawo adulidwe khosi, ndipo kuti anawalamula kuumba nkhope za anthu odulidwa mituwo, ena mwa iwo anthu owadziwa. Masiku amenewo kunalibe makina ojambulira zithunzi. Wofuna kudziwa nkhope ya mfumu yophedwa ankaionera pa sera.

M'chaka cha 1802 mayiwa anawolokera ku Britain ndi mwana wawo wamng'ono, ndipo amuna awo sanaonane nawonso. Kwa zaka 33 anayendayenda m'matauni ndi katundu wawo wosachedwa kuswekayo, mpaka anakhazikika pamsewu wa Baker Street mu 1835. Anamwalira mu 1850 ali ndi zaka 88.

Zidzukulu zawo zinasamutsira ntchitoyi ku Marylebone Road mu 1884, kumene ili mpaka lero. Moto unaononga zifanizo zambiri mu 1925, bomba linagwa pamalopo mu 1940, koma zikombole zakale zimene zinapulumuka zinathandiza kuumbanso nkhope zotayika.

Chifanizo chimodzi chimatenga miyezi. Amisiri amayeza mutu ndi thupi la mwini wake, amayamba aumba ndi dongo, kenaka amathira sera wosungunuka m'chikombole. Tsitsi ndi la munthu lenileni, ndipo amalibzala limodzilimodzi ngati mbande za fodya. Nelson Mandela naye anaumbidwa chomwecho.

Pakati pa otchukawo pali kachifanizo ka gogo wovala zakuda ndi magalasi. Ndi mayi Tussaud, amene anadziumba okha mu 1842.