Mashini akuda aja akadalamulira makonde a ku Kawale

Mukatsika minibasi pa Nsungwi ku Area 25, kapena mukadutsa pamsika wa Kawale m'mawa, mumva kugogoda kwa mashini osokera musanawaone. Telala waweramira siketi ya yunifolomu pakhonde la sitolo, tepi yoyezera ili m'khosi, mapazi akupalasa chopondera osapumira. Pambali pake pali mulu wa mathalauzi a kaunjika odikira kuchepetsedwa m'chiuno. Mashini akewo ndi akuda bii, maluwa agolide aja anafufutika kalekale, koma ulusi ukuyenda bwinobwino.

Wachinyamata amene wangomaliza kuphunzira zosoka, kaya kusukulu ya ntchito zamanja yovomerezedwa ndi TEVETA kaya pakhonde la amalume ake, amafika pa funso limodzi: ndigule mashini ati? Ndalama yake kawirikawiri imakhala ya ngongole ya banki m'khonde kapena yotumizidwa ndi m'bale wa ku Joni, ndiye mpata wogula kawiri palibe. Mashini osokera sitipanga kuno, ndipo chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse chochokera kunja chinakwera mtengo moopsa.

Mlamu wanga wa ku Chinsapo anakopeka ndi mashini oyera a magetsi, ogwirapo kale ntchito, amene wina anabwera nawo kuchokera kunja. Anali opepuka, osoka mokhotakhota ndiponso okhoza kupanga zibowo za mabatani. Tsiku lina akupinda mwendo wa jinzi, panamveka kaphokoso kakuti thwa! Makaniko atatsegula anapeza kuti kagiya ka pulasitiki kasweka. Anayenda m'masitolo a ku Area 2 kufunafuna kena, osakapeza. Lero mashiniwo ali pamwamba pa wadiropu, ofunditsidwa chitenje, ndipo ngongole anaibweza ndi ndalama ya mandasi. Zimandiwawa ndikawaona, chifukwa mayiyu dzanja lake ndi labwino pa nsalu.

Apa ndiye pali mphamvu ya mashini akuda opalasa ndi mapazi. Kampani ya Singer inachokera kwa Isaac Singer, amene analembetsa mashini ake ku America mu 1851, ndipo mtundu wake wina wotchedwa Singer 15 unatengeredwa ndi mafakitale ambiri. Butterfly ya ku Shanghai, imene yadzaza makonde athu, ndi ya banja lomwelo. Tanthauzo lake kwa telala wa ku Biwi ndi lakuti bobini, singano ndi lamba zimapezeka mosavuta, nthawi zambiri za mashini ena zimalowa pa ena, ndipo makaniko aliyense wapamsika amawadziwa m'mimba mwake. M'kati mwake ndi zitsulo zokhazokha. Amasoka mzere wowongoka basi, koma ntchito yochuluka ya pakhonde ndi yomweyo: zigamba, zipi, kuchepetsa kaunjika, mayunifolomu sukulu zikamatsegulira mu Seputembala.

Ndiye pali nkhani ya magetsi. Namondwe wa Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo mdima unatizunza mpaka mu 2023. Masiku amenewo telala wa mashini a magetsi okha ankangokhala manja ali m'thumba, mnzake wa chopondera akulandira makasitomala. Ku Mgona nyumba zambiri zilibe n'komwe magetsi, ndipo a lendi ogawana mita imodzi amadziwa mkangano umene umabuka mayunitsi akatha msanga. Ubwino wa mashini akuda aja, pa mutu wake mutha kumangirirapo kamota ndalama ikapezeka, magetsi akathima n'kubwezera lamba.

Sindikunyoza mashini aakulu a m'fakitale. Juki ndi Brother za ku Japan ndi ngwazi. Juki DDL-8700 imatha kubaya kokwana 5,500 pa mphindi imodzi, ndipo amene wapeza oda ya mayunifolomu a sukulu yonse kapena madiresi a anamwali a ukwati adzaona phindu lake. Koma amenewa amafuna chipinda chokhoma ndi magetsi odalirika. Telala wa pakhonde amamasula mutu wa mashini madzulo n'kupita nawo kunyumba. Juki simungainyamule chomwecho tsiku ndi tsiku. Singano zakenso n'zosiyana: ya mashini akuda ndi yophwatalala mbali imodzi kumtunda kwake, ya m'fakitale ndi yobulungira. Ovaloko, yotchinga m'mphepete mwa nsalu kuti isayoyoke, ibwere pambuyo, makasitomala akayamba kufunsa.

Ogula mashini a magetsi ochokera kunja awerenge kachitsulo kolembedwa pa mota. Athu magetsi ndi a mavoti 230. A ku South Africa ndi ku Britain amagwirizana nafe, koma mashini a ku America amafuna pafupifupi theka la mphamvu imeneyo, ndipo mukangowalumikiza pakhoma popanda thiransifoma, mota imapsa.

Tsiku logula musapite nokha. Tengani telala wachikulire kapena makaniko, mumulipire ya minibasi ndi ya nsima. Nyamulaninso nsalu zanu: kachidutswa ka chitenje, kena kopyapyala, ndi jinzi yopinda kanayi. Wogulitsa amakonda kuyesera pa kansalu kake kofewa, inu muumirire zanu. Mukasoka, tembenuzani nsaluyo muone kunsi ngati ulusi sunawunjikane kapena kudumpha. Zunguzani gudumu ndi dzanja pang'onopang'ono, khutu lili pafupi, mumve ngati pena pakukhula. Gwedezani kachitsulo kogwira singano, kasamasewere. Kenako gonekani mutuwo chagada muyang'ane dzimbiri ndi malo owotcherera, chifukwa penti yatsopano imabisa zambiri. Ngati ndi akale, funsani chifukwa chimene mwini wake akuwagulitsira, ndipo mulemberane kapepala pamaso pa mboni musanapereke ndalama.