Mphepo ya m'mlengalenga yomwe imasintha nyengo ndi maulendo a ndege

Machinga, Mana: Mwezi wa Juni ukafika, asodzi a panyanja za Chilwa, Chiuta ndi Malombe amadziwa kuti mwera wayandikira, ndipo ku Ntaja kumacha ndi mvula yowaza ya chiperoni. Koma chomwe chimakankha nyengo yotereyi chili kutali, pamtunda wa makilomita pakati pa 9 ndi 16 kuchokera pansi.

Kumeneko kuli mphepo yamphamvu yomwe akatswiri amaitcha jet stream. Imaomba ngati mtsinje wopapatiza kuchokera kumadzulo kulowera kum'mawa, ndipo nthawi zina liwiro lake limaposa makilomita 300 pa ola. Imabadwa pamene mpweya wotentha wakumana ndi wozizira, ndipo kuzungulira kwa dziko ndiko kumaikhotetsera kum'mawa. Katswiri wa ku Japan, Wasaburo Oishi, ndiye adaizindikira m'zaka za m'ma 1920 poulutsa zibaluni.

Kawirikawiri mphepoyi sidutsa pamwamba pa Malawi. Njira yake ili kum'mwera, cha ku South Africa, ndipo imakula mphamvu m'nyengo yozizira. Ikamakankhira mpweya wozizira kum'mawa, m'mbuyo mwake mumatsatira mpweya wolemera womwe umatumiza chinyezi cha m'nyanja ya Indian kudzera ku Mozambique mpaka kuno. Chiperoni ndi mwera zimafika motero. N'chifukwa chake nthambi yoona za nyengo imatha kuchenjeza asodzi kusanachitike kanthu. Vuto limakhala lakuti chenjezolo lifike padoko nthawi ikadalipo.

Namondwe nayenso sasankha yekha njira. Amanyamulidwa ndi mphepo ina ya m'mlengalenga, yomwe m'madera otentha imaomba molowera kumadzulo. Ndiyo idatenga namondwe wa Freddy kuchokera kufupi ndi Australia mpaka adafika m'chigawo cha kum'mwera kwa dziko lino mu Malichi 2023, ndipo Machinga adali m'gulu la maboma okhudzidwa. Mphepo ya pamwamba ikasiyana kwambiri ndi ya pansi, imang'amba namondwe n'kumufooketsa, ikafatsa, amakula. Freddy adakhala masiku 36, zomwe bungwe la World Meteorological Organization lidati sizidachitikepo. Maofesala a zangozi ku Liwonde ndi ku Balaka azikumbukira kuti mphepo ya m'mwambayi ikasintha, njira ya namondwe imasinthanso, choncho uthenga wa dzulo si wodalira lero.

Kwa oyendetsa ndege, nkhaniyi ndi ya mafuta ndi nthawi. Ndege yochoka ku Johannesburg kupita ku Sydney imatenga pafupifupi maola 12 chifukwa mphepo imaikankha kumbuyo, koma pobwerera imatenga pafupifupi maola 14. M'mphepete mwa mtsinje wa mphepowu ndege imatha kugwedezeka mwadzidzidzi kumwamba kuli mbee, popanda mtambo wochenjeza, ndipo apaulendo amalangizidwa kumanga lamba nthawi yonse yomwe akhala pampando.