Dimba la Maluwa pa Chifuwa cha Mwamuna

M'mwezi wa Okotobala, chaka cha 1666, Mfumu Charles II ya ku England inaonekera pamaso pa nduna zake itavala chovala chatsopano cha m'kati mwa jekete, kholo la chimene lero timachitcha wesikoti. Ndipo Samuel Pepys, mkulu uja amene ankalemba zochitika za tsiku ndi tsiku, anaisunga nkhaniyo m'buku lake. Mfumuyo inkafuna kuti olemekezeka aleke kumwaza chuma pa zovala, koma pofika m'ma 1770 chovala chomwecho chinali chitasanduka dimba, makamaka ku France, kumene mwamuna waulemu wake sankaona chachilendo kulowa m'bwalo la mfumu ali ndi marozi pachifuwa.

Ntchito inkayambira papepala. Mmisiri wojambula, ku Lyon kapena ku Paris, sankajambula wesikoti yense ayi: kawirikawiri ankangotenga ngodya ya m'munsi, pamene pali chivundikiro cha thumba ndi mpendero wokwera kumabatani, nayalapo ndi utoto maluwa, masamba ndi ngala za tirigu, pakuti wogula akaona ngodya imodziyo, zotsalazo ankaziona ndi mtima. Chithunzi chikavomerezedwa, ankaboola mizere yake ndi singano, nachiika pa nsalu ya silika yokungidwa pa chimango, nawazapo fumbi la makala, limene polowa m'timabowo tija linkasiya timadontho tolondolera dzanja la wopeta. Njira zimenezi anazifotokoza Charles-Germain de Saint-Aubin, wojambulira Mfumu Louis XV, m'buku lake la 1770 lotchedwa L'Art du brodeur.

Chimene chimandigwira mtima koposa n'chakuti maluwawo ankapetedwa nsalu isanaone lumo. Mbali ziwiri zakutsogolo, zivundikiro za matumba, ngakhale timabwalo tokutira mabatani, zonse zinkapetedwa pa nsalu imodzi yoyalika, ndipo nsaluyo inkatha kuwoloka nyanja kukafika kwa telala wa ku London, amene ankaidula molinga ndi thupi la mwini wake. Kumsana, kumene jekete linkabisa, ankangoikako bafuta wamba. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ndani angakane, akayang'anitsitsa duwa limodzi lochepa ngati chikhadabo, m'mene ulusi wofiira ukulowerera mwa wotuwa pang'onopang'ono kufikira diso lilephera kupeza malire? Ambiri mwa opetawo anali akazi, ndipo maina awo sanalembedwe pa chovala chilichonse, ngakhale kuti ndiwo anaveka mabwana ulemerero umenewo. Cha m'ma 1760 kunafika luso lochokera ku India lopeta ndi kangowe pa nsalu yokungidwa ngati chikopa cha ng'oma, limene linafulumizitsa ntchito.

Chipwirikiti cha ku France cha 1789 chitagwedeza nyumba yachifumu, ndipo mzinda wa Lyon utazingidwa ndi nkhondo mu 1793, amisiri ambiri anabalalika, amuna nawonso anayamba kukonda nsalu zakuda zosapeta. Mapepala aja, komabe, sanatayike onse: alipo ku Musée des Tissus ku Lyon ndi ku Cooper Hewitt ku New York, ndipo m'nyumba zina zosungiramo zakale muli nsalu zopetedwa kale zimene telala sanazidule, mabatani ake akali timabwalo m'mphepete mwa silika.