Kodi Tingalembere Phungu Wathu pa Nkhani za Asilikali?

Anthu ambiri amaganiza kuti munthu wamba sayenera kutchulako nkhani za asilikali. Mantha amenewa ndi otsalira a nthawi ya chipani chimodzi, pamene munthu ankatha kutsekeredwa osazengedwa mlandu chifukwa chofunsa funso chabe. Malamulo oyendetsera dziko omwe tidalandira mu 1994 amanena kuti mphamvu zolamulira zimachokera kwa anthu. Gulu lankhondo la Malawi limayendera misonkho yathu, ndipo amene amavomereza ndalama zake chaka ndi chaka ndi aphungu omwe timawasankha ife. Choncho kulembera phungu wanu za asilikali si mwano ayi.

Koma tiyenera kudziwa malire a phungu. Iye salamula asilikali. Mkulu wa asilikali onse ndi Pulezidenti, ndipo malamulo safuna kuti gulu lankhondo likhale la chipani chilichonse. Tidaona kuipa kwa zida m'manja mwa chipani pa nthawi ya a Payoniya, mpaka asilikali adawalanda mfuti mu Disembala 1993 pa ntchito yotchedwa Operation Bwezani. Ndiye kalata yopempha phungu kuti alowetse mwana wanu usilikali, kapena kuti amukwezetse udindo, ndi yolakwika. Phungu wolonjeza zotere akukunamizani, ndipo akazichitadi ndiye kuti walanda malo a mwana wa mnzanu.

Nanga tingamulembere zotani? Zilipo zambiri. Msilikali wopuma ntchito amene penshoni yake yachedwa angathe kulemba. Mayi wamasiye amene sadalandire chipukuta misozi cha mwamuna wake angathenso kulemba, chimodzimodzi mudzi umene wasemphana malire ndi malo ophunzirira usilikali. Phungu ali ndi mphamvu yofunsa nduna yoona za chitetezo m'Nyumba ya Malamulo, ndipo nduna iyenera kuyankha poyera. Angathenso kupereka nkhaniyo ku komiti ya aphungu yoona za chitetezo, imene idakhazikitsidwa ndi malamulo oyendetsera dziko.

Nkhani yaikulu ndi yotumiza ana athu kunja. Mu Novembala 2018 asilikali athu asanu ndi mmodzi adaphedwa pafupi ndi Beni m'dziko la Congo. Mu Januwale 2025 ena atatu adafa pomenyana ndi zigawenga za M23, ndipo mwezi wotsatira Pulezidenti wa nthawiyo, Dr Lazarus Chakwera, adalamula kuti ayambe kukonzekera zobwerera kwawo. Maliro amenewa amafikira m'midzi mwathu. Kholo lili ndi ufulu wofunsa kuti anawa apitiranji, akhalako mpaka liti, ndipo mabanja awo adzasamalidwa bwanji. Zinsinsi za nkhondo, monga kumene asilikali abisala kapena zida zomwe ali nazo, phungu sangakuuzeni, ndipo mpake.

Polemba, gwirani nkhani imodzi yokha. Tchulani masiku, maofesi amene mudapitako kale ndi zimene adakuyankhani. Musatukwane, ndiponso musadzichepetse ngati wopemphetsa. "Olemekezeka" ndi wokwanira. Lembani dzina ndi adiresi yanu, chifukwa kalata yopanda mwini siyankhidwa. Musatumize zikalata zenizeni za malemu, tumizani makope okha. Phungu akakhala chete, lembaninso mutchule tsiku la kalata yoyamba, ndipo nthawi ino asayinireko anzanu a m'mudzi kapena a kumpingo. Ngati dandaulo ndi la ofesi ya boma imene yakunyalanyazani, mungathenso kukalitula kwa Ombudsman, ndipo kumeneko salipiritsa.