Gitala yolira ngati njuci

Kodi munamvapo gitala ikulira ngati njuci zalowa m'citini? Wina akaimva amati wailesi yawonongeka. Koma ayi ndithu, oimba ake anacita dala.

Kulira kotereku kuli m'cimbale cochedwa 45,000 Volts. Cinatuluka mu 1977. Eni ake ndi gulu la ku Zambia la Ngozi Family. Mtsogoleri wawo anali Paul Ngozi, amene dzina lake lenileni linali Paul Nyirongo. Anabadwa mu 1949, n'kumwalira mu 1989. Ankaimba m'Cingelezi ndi m'Cinyanja, cinenero cimene timagulitsira mbatata pa Zóbuè.

Dzina la cimbaleci likunena za mphamvu ya magetsi. M'nyumba za ku Moatize magetsi amabwera ndi mavolti 220. Ndiye 45,000 ndi mphamvu yoposa pamenepo ka 200. Ngozi yeniyeni!

Nanga phokosolo limacoka kuti? Gitala yamagetsi imalumikizidwa ndi waya ku kabokosi kochedwa fuzz. Woimba akakaponda ndi phazi, mawu a gitala amakula mpaka kusweka, n'kuyamba kunjenjemera. Ng'oma ndi gitala ya besi zimabwereza kacigawo kamodzi kambirimbiri, mwamphamvu.

Kwa ife izi si zacilendo. Opanga kalimba amamangirira zitsekerero za mabotolo kuti izilira "zzz". Opanga valimba amamata ulusi wa kangaude pa mabowo a zikho. Makolo ankadziwa kuti mawu osalala okhaokha sakoma. Ali ngati ndiwo zopanda mcere.

Nyimbo zamtunduwu zimachedwa Zamrock. Zinakula pamene Pulezidenti Kenneth Kaunda analamula kuti wailesi iziulutsa kwambiri nyimbo za m'dzikomo. Kenaka mtengo wa kopa unagwa, ndalama zinasowa, ndipo Edzi inatenga oimba ambiri. Zimbale zinaiwalika m'makatoni.

Koma mu 2024 woimba wa ku America, Tyler, the Creator, anatenga cigawo ca "Nizakupanga Ngozi", nyimbo ya m'cimbale cimeneci, n'kuciika mu nyimbo yake ya "Noid". Acinyamata a maiko akutali anamva Cinyanja, ena koyamba m'moyo wawo.

Nyimboyi inapulumuka cifukwa inajambulidwa, ndipo dzina la mwini wake linalembedwa. Nanga za oimba a kwanu? Funsani agogo dzina la woimba wakale wa m'mudzi mwanu, mulilembe m'kope lanu lero.