Nyimbo yatha, manje ipite kuti?

M'minibasi yocoka ku Kafue, mnyamata wa ku Shikoswe anandimvetsa nyimbo imene anajambulitsa ndi ndalama za maganyu.

"Ba sisi, nifuna ingene pa Spotify. Niyambire pati?"

Spotify inafika m'Zambia mu 2021, koma woimba saikapo yekha nyimbo, amadzera ku kampani yogawa. DistroKid amalipira caka ndi caka. Akaleka, nyimbo zimacotsedwa, pokhapokha atalipira zoonjezera. CD Baby amalipira kamodzi, koma imadula 9 peresenti pa zimene wapeza. RouteNote ili ndi njira yaulere, imadula 15.

Ndinamufunsa cimodzi cabe: caka camawa madola olipiranso adzacoka kuti?

Mmene tinkafika pa Chilanga, anali cete, akuwerengera pa zala.